Mitengo ya a Rosaire Ikadontha

Guylaine adachotsa ndowa pamtengo wa mapulo, mtengo umene madzi ake amaphikidwa n'kukhala manyuchi, nacheuka uku ndi uku ngati wakuba, kenako adaikhuthulira pasinowo. Madzi aja adalowa pansi n'kusiya kadzenje kotuwa. Adaikolekanso pansi pa kampopi kake, ndipo asadachotse n'komwe dzanja, dontho lidagwera m'ndowa yopanda kanthuyo: to! Lina: to! Nkhalango yonse inkalira choncho m'mawa wa Lachinayi limenelo, ndowa mazana atatu, iliyonse ndi kaliridwe kakekake. Chiyambire ali kamtsikana, akamva phokoso limeneli ankathamangira kunyumba akukuwa kuti, "Yayamba! Mitengo yayamba!" Koma chaka chino, mayi wamkulu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, anali akutaya madziwo ndi manja ake kuyambira Lolemba.

Kungowasiya sakadatha, chifukwa ndowa yodzaza ikaundana imang'ambika. Komanso njira ya anansi imadutsa m'mphepete momwemo, ndipo kwathu kuno ku Beauce munthu sadutsa ndowa ya mnzake osasuzumiramo. Ndiye ankataya. Mwana wa a Rosaire Quirion, kutaya madzi oyamba a chaka, otsekemera kuposa onse! Abale inu, agogo ake akadamuona akadadzuka kumanda.

Chidamuchititsa n'chakuti bambo ake anali kufa. Khansa idawayamba m'mapapo, ndipo pofika Khirisimasi inali itakwera kumutu. Mu Januwale adapempha kuti adokotala awathandize kufa, monga lamulo limalolera. Madokotala awiri adabwera, aliyense payekha, kudzawafunsa mafunso, mapepala adasayinidwa, zonse zidatheka. Chidatsala n'kutchula tsiku basi. Dokotala Maheux, mayi wamfupi amene akamaseka amagwedeza mapewa, adatulutsa kalendala yake nafunsa.

"Tsiku ndiye liti, bambo Quirion?"

"Funsani mitengo," adayankha a Rosaire. "Ikayamba kudontha, Guylaine akuimbirani. Titunga masiku awiri, lachitatu tiphika. Ndikalawa manyuchi oyamba, bwerani ndi jakisoni wanuyo. Mundipeza kukhumbi lophikira manyuchi, pambali pa chiwaya changa."

"Mitengo ilibe foni, bambo."

"N'chifukwa chake sinama."

Dokotalayo adaseka, kenako adatseka kalendala ija nawayang'ana m'maso. "Mundimvetse bwino. Tsiku limenelo ndidzakufunsaninso ngati mukufunabe, ndipo mudzayenera kundiyankha mutu uli m'malo mwake. Chotupa chili m'mutumo sichikugona. Mukadzasokonekera, ine sindingabaye, ngakhale banja lonse litandigwadira. Lilipo pepala lina loti musayiniretu, koma pamafunika tsiku lenileni, la pakalendala."

"Ayi," adatero a Rosaire. "Mkazi ndinafunsira ndi pakamwa panga, kutchalitchi ndinavomera ndi pakamwa panga. Apanso ndidzavomera ndekha, osati pepala."

Chimene ankaopa tonse tinkachidziwa. Akazi awo, a Jeannine, asadamwalire adagona miyezi khumi ndi umodzi kunyumba yosungirako okalamba, osazindikira munthu, akutembenuzidwa ndi anamwino m'mawa ndi madzulo. A Rosaire ankapitako tsiku lililonse kukawamwetsa phala, ndipo tsiku lililonse ankabwerako akulumbira kuti iwo njira imeneyo sadzayendamo.

Ndiye kuyambira pamene mapepala adatheka, nkhalamba ija idasanduka mkwati. Idalemba mayina a oitanidwa, n'kufufuta awiri, n'kuwabwezeretsanso. Idalamula kuti malaya ake ofiira a mizere yakuda asitidwe n'kupachikidwa pamene iziwaona. Supu ikhale ya nsawawa, nyemba zigone mu uvuni ndi nyama ya nkhumba, mazira aphikidwe m'manyuchi momwemo, ndipo wa vayolini asadzayerekeze kuimba nyimbo ya maliro. Munthu mnofu utatha, mapewa ali ngati chopachikira malaya, koma maso ali ngwee, m'mawa uliwonse kufunsa za nyengo ngati mwana amene akudikira Khirisimasi.

Guylaine atafika kunyumba masana amenewo adapeza azakhali ake a Fernande, mlongo wawo wamkulu wa a Rosaire, atakhala pambali pa bedi, kolona m'manja. Bedilo adalikokera pabalaza, pafupi ndi zenera.

"Bwanji kumtunda?" adafunsa a Rosaire.

"Sinayambe, Ababa. Kuli gwa."

"Gwa? Akhwangwala anafika Lamlungu. Denga likudontha usana wonse, kukada kukuundana. Ndiye mitengo yanga yokha ndi imene yagona tulo?"

"Kumtunda kukuzizirabe. Mwina sabata yamawa."

"Fernande, tampatsa."

A Fernande adadzuka mwa ukalamba wawo, natsegula firiji, n'kubwera ndi kambale. M'kambalemo munali kandodo ka madzi oundana, kotalika ngati chala.

"Nthambi ija inathyoledwa ndi galimoto yokankha sinowo," adatero a Rosaire, "ya mtengo wa pakhondewu. Kanali lende pamenepo. Tanyambita."

Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti nthambi ya mapulo ikathyoka nyengo itakwana imalira misozi, ndipo misoziyo ikaundana imakhala switi ya ulere. Guylaine adanyambita. Kutsekemera kwake kunali kwa patalipatali, koma kunalipo.

"Mtengo wa pakhonde, wa kumsewu, womwa utsi wa magalimoto, wayamba. Ndiye ya kumtunda, yoyang'ana dzuwa, ikhale isanayambe? Unandinamizapo uli mtsikana za mnyamata wa njinga yamoto uja, ndipo nthawi imeneyo unkachitako bwino. Madziwo ali kuti?"

"Ndataya."

"Onse?"

"Kuyambira Lolemba."

"Yesu, Maria!" adakuwa a Fernande akudzilemba chizindikiro cha mtanda. "Madzi oyamba! Tchimo limeneli ngakhale ansembe akafunika kukhala kaye pansi."

Apo m'pamene Guylaine adaphulika. "Sindikufuna mufe, Ababa! Mwamva? Sindikufuna! Aliyense akuthamangathamanga ngati kuli ukwati, uyu nyemba, uyu vayolini, ndipo mwa anthu onse mwasankha ine, mwana wanu, kuti ndikhale woimba foni. Ndimati ndibeko sabata imodzi. Imodzi yokha!"

"Bwera kuno, chitsiru changa," adatero a Rosaire, akumugwira dzanja. "Utaye, usataye, kufa ndiye ndifa. Chimene ndikusankha ine ndi khomo lotulukira basi. Ndinakusankha iwe chifukwa ndiwe wekha amene…"

Mawu adathera pomwepo. Maso awo adachoka pa iye n'kupita pazenera, kenako adabwerera ali achilendo, ofewa, ngati a mnyamata.

"Jeannine, hatchi wamumanga kale pangolo? Dzuwa lakwera, ndowa zisefukira. Mwanayo ukamusiye kwa Fernande."

Hatchi womaliza wa pakhomopo adafa Guylaine ali kupulayimale. Padapita mphindi imodzi, mwina ziwiri, a Rosaire akufunafuna nsapato ndi maso. Kenako adaphethira, napukusa mutu, n'kufunsa kuti amanena chiyani.

A Fernande adamukokera Guylaine kukhitchini. "Kachitatu aka chiyambire dzulo," adanong'ona. "Dzulo anandifunsa ngati amayi athu abwerako kutchalitchi. Iwe sukuona, umakhala uli kuthengo kuthirira sinowo. Ine za jakisonizi sindigwirizana nazo, ukudziwa, kolona ndikupemphera mpaka zala kuchita dzanzi. Koma ndi mlongo wanga, ndipo mlamu wanga ndinamuona mmene anathera. Sabata imene ukuba iweyo si yako, ndi yake."

Ngati kuti zimenezi zidachepa, a zanyengo pawailesi adalengeza kuti Loweruka madzulo chisanu chibwereranso, ndipo chikhala masiku khumi. Chisanu chikabwerera mitengo imatseka. Masiku khumi! Mutu wa a Rosaire sukadadikira masiku khumi. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Guylaine adatola foni.

"Dokotala, ndine Guylaine Quirion. Yayamba."

Dokotala Maheux adati afika Loweruka, thu koloko masana.

Tsono vuto linali lakuti thanki ya kukhumbi inalibe ngakhale dontho. Madzi akatayika saoleka, ndipo kuti upeze ndowa imodzi ya manyuchi umafunika ndowa makumi anayi za madzi. Mnansi wawo Clermont Giroux, amene nkhalango yake yonse adailumikiza ndi mapaipi, atamva nkhaniyo adathamanga kudzanena kuti thanki yake yadzaza, atenge mmene angafunire.

"Madzi a m'mapaipi a pulasitiki?" adatero a Rosaire, akudzuka ndi chigongono. "Pa tsiku langa? Ndikamuuza chiyani Jeannine? Clermont, ndiwe munthu wabwino, koma manyuchi ako amanunkha bafa. Ngati ukufuna kuthandiza, bweretsa thirakitala."

Lachisanu kudacha ndi kachisanu kolasa mphuno, ndipo pofika naini koloko dzuwa lidatuluka lonse. Mitengo siinkadontha, inkachita kuthira! A Fernande anali atakhalira foni chiyambire dzulo lake, ndipo mutu umodzi susenza denga: msewu wathu wonse udakhamukira kumtunda, aliyense ndi zidebe ziwiri. Kudabwera asuweni a ku Saint-Georges, kudabwera akazi a m'kwaya, kudabwera ngakhale anthu awiri aja amene adafufutidwa n'kubwezeretsedwa. Sylvain, mlongo wake wa Guylaine wokhala ku Montréal, adafika ndi nsapato za muofesi, ndipo atangopatuka panjira adatitimira m'sinowo mpaka m'chiuno, zidebe zili m'mwamba ngati akugonja kunkhondo.

"Musamuzule!" adakuwa Clermont ali pathirakitala. "Mukhomeni kampopi, mwina atuluka shuga wa m'tauni!"

Za kutaya zija zinali zitamveka kale, poti kuno chinsinsi sichigona. Aliyense wodutsana ndi Guylaine ankamuponyera kake. Uyu akuti chaka chino tilima nzimbe pamene wathirirapo. Uyo akuti mugwireni chidebecho, dzanja lake lazolowera kupendeka. Iye ankangoti, "Tiyeni uko, tungani!" Ankathamanga kuchoka pamtengo uwu kupita pa uwo, jekete atavula, thukuta lili kamukamu, akukuwira anthu kuti asaiwale ya kutsidya kwa kamtsinje. Nthawi ina adadzidzimuka atadzipeza akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, monga ankasekera chaka chilichonse pa tsiku lotere. Adaima, manyazi atamugwira. Kenako wina adakuwa kuti thanki yafika theka, ndipo miyendo yake idathamanga yokha kukaona.

Dzuwa lisadalowe thanki inali itadzaza mpaka kukamwa. A Rosaire atamva adaomba m'manja, n'kuyamba kulamula za nkhuni: zoyatsira zikhale za mkungudza, zosonkhezera zikhale zouma za chaka chatha, ndipo Sylvain asayandikire nkhwangwa.

Loweruka Guylaine ndi Clermont adayatsa moto kukhumbi kutangocha. Cha m'ma leveni, nthunzi itayamba kutuluka padenga ngati mtambo, tidapita kukatenga mwini tsiku. Tidawapeza atavala kale malaya ofiira aja, ndevu zitametedwa, tsitsi litapesedwa ndi madzi. Amuna anayi adawanyamula ndi matiresi omwe n'kuwaika pangolo yotsetsereka kumbuyo kwa thirakitala, titawafunditsa mabulangete asanu. Wa vayolini adakhala kumapazi kwawo, a Fernande kumutu, ndipo ife tonse tidatsatira pambuyo, ena akuimba, ena akumenya masupuni pantchafu, agalu akuuwa osadziwa n'chomwe chikuchitika. A Rosaire ankakweza dzanja uku ndi uku ngati bishopu. Podutsa m'nkhalango ankaloza mitengo ina n'kumaitchula mbiri: uwu unawombedwa ndi mphezi chaka chimene Sylvain anabadwa, uwo ndi waulesi chiyambire, uwo musadzaudule ngakhale utauma.

M'khumbi tidawagoneka pabedi lopinda, pambali penipeni pa chiwaya, pamene nthunzi yotsekemera inkawafika kumaso. Chiwayacho n'chachitali ngati bwato, ndipo chinkabwata mbali zonse. Anthu adadya supu, adadya nyemba, ena adatunga madzi owira theka n'kuthiramo mowa wa jini. A Rosaire adamwako supuni ziwiri n'kunena kuti jiniyo wachepa. Kenako adatseka maso kuti apumuleko.

Thu koloko itakwana, Dokotala Maheux adafika atakwezedwa pa njinga yamoto yoyenda pasinowo, chikwama atachikumbatira pachifuwa, chipewa chitapendeka. Tidamuombera m'manja ngati mlendo wolemekezeka. Adasasa nsapato, nakagwada pambali pa bedi.

"Bambo Quirion, mwandizindikira?"

A Rosaire adatsegula maso namumwetulira mwaulemu. "Ndinu mwana wa ndani, mayi? Mwabwera kudzalawa? Sanapse."

"Ndine Dokotala Maheux. Mukudziwa chimene ndabwerera lero?"

"Funsani Jeannine. Ali panjapo ndi hatchi."

Vayolini idasiya yokha. Dokotalayo adayesa kachiwiri, adayesa kachitatu, mofatsa, koma a Rosaire ankangomwetulira. Adaimirira, naitanira Guylaine ndi Sylvain pakona.

"Ulendo uja wawatopetsa," adatero. "Ndidikira mpaka dzuwa litapendeka. Akapanda kubwerera, lero sizitheka. Ndipo sindingakulonjezeni kuti lidzapezeka tsiku lina."

Guylaine adabwerera pachiwaya. Tisabise, mtima wake udadumpha ndi chimwemwe. Chimene adachifuna sabata yonse chinali chitabwera chokha, popanda bodza, popanda kutaya ndowa. Palibe akadamuloza chala. Kungokhala chete basi, kuyang'anira moto, ndipo madzulo bambo ake abwerera pabedi la pazenera lija, mawa adzawapatsa moni, mkuja adzawapatsanso.

Kenako adawayang'ana bambo akewo. Sylvain anali atawagwira dzanja akuwaitana kuti Ababa, ndipo iwo ankamugwedezera mutu ngati mmene umachitira ndi mlendo wa m'basi. Zala za dzanja linalo zinkatolatola ulusi wa bulangete, kutola, kusiya, kutola. Guylaine adazidziwa zala zimenezo. Adaziona miyezi khumi ndi umodzi pa bulangete la amayi ake. Munthu amene akadabwerera naye kunyumba madzulo amenewo sakadakhala a Rosaire Quirion, ndipo masiku anayi amene akadawapulumutsa ku zimenezi adawakhuthulira pasinowo ndi iye mwini. Chimwemwe chija chidathera pomwepo.

Nthawi yomweyo thovu lidayamba kukwera m'chiwaya. Zimachitika madzi akayandikira kupsa, ndipo mankhwala ake ndi akale: kachidutswa ka mafuta a nkhumba kobayidwa kundodo, ukangokhudza nako thovu limagwa. Ndodoyo inali m'manja mwa Guylaine. Adaiyang'ana, adayang'ana bambo ake, kenako adaibisa kumbuyo.

"Clermont, onjezani nkhuni. Zouma zija."

"Wapenga? Lisefukiratu ili!"

"Ndati onjezani!"

Clermont adatsegula chitseko cha ng'anjo naponyamo nkhuni, moto n'kulilima. Thovu lidakwera, lofiirira, likufufuma ngati mkaka woiwalika pamoto. Lidafika m'milomo ya chiwaya. A Fernande adakuwa kuti mayo, mtsikanayu watani kodi. Guylaine sadasunthe, maso ali pa bambo ake. Thovu lidadumphira kunja n'kugwera pachitsulo chamoto, tswee, ndipo khumbi lonse lidadzaza fungo la shuga wopserera, fungo limene wophika manyuchi aliyense amadana nalo kuposa la nyama yowola. Mphuno ya a Rosaire idagwedera. Zala zija zidasiya bulangete.

"Guylaine!"

Mawuwo adagwedeza malata.

"Mafuta! Gwetsa thovulo, chitsiru iwe! Chiwaya cha bambo anga ukufuna kuchipsereza ine ndili pompano? Nawe Clermont, wakuuza ndani kuti usonkhezere choncho? Ukuyesa ndi mapaipi ako aja?"

Guylaine adakhudza thovu ndi mafuta aja, ndipo lidagwa nthawi yomweyo. M'khumbi mudabuka phokoso losadziwika bwino, ena akuseka, ena akulira, Sylvain akuchita zonse ziwiri. A Rosaire adazunguza maso mokwiya mpaka adamuona dokotala.

"Aa, Dokotala Maheux, mwafika kale? Mwawaona ana a masiku ano? Munthu sungafe n'komwe mwamtendere."

Dokotalayo sadathamangire. Adatitulutsa tonse panja kuti alankhule nawo paokha, ndipo ndodo ya mafuta ija Guylaine adaisiya m'manja mwa bambo ake kuti aziyang'anira thovu ali chigonere. Tidaima pasinowo tikupondaponda, mphepo ya chisanu chija itayamba kale kutilasa m'makutu. Padapita nthawi ndithu chitseko chisadatsegulidwe.

"Andiuza tsiku la lero, matenda awo, ndi chimene jakisoni achite," adatero dokotala. "Andiuzanso kuti ndimaima molakwika pafupi ndi ng'anjo. Ndawafunsa katatu, ndipo ndawauza kuti akhoza kusintha maganizo mpaka mphindi yomaliza. Lowani."

Guylaine adamiza chipande kumapeto kwa chiwaya n'kuchikweza kuti bambo ake aone. Manyuchi adatsika madonthomadontho.

"Ayi. Dikira."

Adadikira, namizanso.

"Ayi, ukuthamangira kuti? Wofulumira pano ndine."

Kachitatu, manyuchi sadadonthe. Adalendewera m'mphepete mwa chipande atatambasuka ngati kansalu.

"Apsa!" adakuwa a Rosaire. "Tsegula!"

Clermont adatsegula mpopi, manyuchi oyamba a chaka n'kutsikira m'ndowa kudzera pansalu yosefera, owala ngati tiyi wopepuka. Tidakuwa, vayolini idayambiranso, akazi a m'kwaya adayamba kuvina pakati pa nkhuni. Guylaine adauzira supuni mpaka itazizira nawamwetsa. Iwo adasunga manyuchiwo m'kamwa nthawi yaitali, maso atatseka.

"A Lolemba akanakoma kuposa awa," adatero, "koma anamwa ndi sinowo." Anthu adaseka. "Komabe apsa bwino. Lawani nonse."

Tidadutsa mmodzimmodzi kudzatsanzikana nawo, aliyense ndi supuni yake m'manja, ndipo aliyense adalandira mawu ake, ena omutonza, ena omudalitsa. A Fernande adawapsompsona pachipumi n'kunena kuti akawapatse moni amayi. Sylvain adauzidwa kuti agule nsapato za anthu. Pomaliza a Rosaire adamukodola Guylaine kuti aweramire pafupi.

"Thovu lija unachita dala."

"Eee, Ababa."

"Ndadziwa. Chiyambire sunapserezepo chiwaya." Adamugwira tsaya ndi dzanja lawo lopepuka. "Unali utapambana, mwanawe. Ukanangokhala chete."

"Ndikudziwa."

"Zikomo."

Kenako adakweza mawu kuti onse amve: moto usazimitsidwe, m'thanki mudakali madzi, ndipo wa vayolini asasiye. Dokotala Maheux adakonza zida zake pa kathebulo, nawapinda mkono wa malaya ofiira aja. Adawafunsa komaliza ngati akufuna kuti ayambe.

"Inde, ndikufuna. Yambani."

Guylaine adawagwira dzanja, Sylvain phewa, a Fernande adayamba Tikuoneni Maria chapansipansi. A Rosaire adayang'ana nthunzi ikukwera kutulukira padenga. Adati akumva tulo. Adayasamula kamodzi, ndipo dzanja lawo lidayamba kulemera m'manja mwa mwana wawo pang'onopang'ono. Dokotala adapitiriza ntchito yake mwakachetechete, kenako adaika chomvera chake pachifuwa pawo, namvetsera nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu. Wa vayolini adamaliza nyimbo yake yovina ija misozi ili chuchuchu, osaphonya ngakhale pamodzi.

M'khumbi mudatsala phokoso la chiwaya lokha. Palibe adafuna kusuntha. Patapita kanthawi Clermont adayandikira, chipewa chili m'manja.

"Guylaine, pepa. Awa akufuna kupsa."

Guylaine adaika dzanja la bambo ake pabulangete, naimirira, n'kutenga chipande. Adamiza, adakweza, ndipo mutu wake udatembenukira wokha kubedi kukadikira mawu. A Fernande anali atawatseka kale maso a Rosaire. Anthu onse m'khumbimo ankayang'ana iye, ndipo Clermont anali atagwira mpopi, akudikira. Guylaine adayang'ananso chipande chija. Manyuchi anali atalendewera m'mphepete, atatambasuka.

"Apsa," adatero chapansipansi, ndipo chifukwa cha kubwata kwa chiwaya Clermont sadamve.

Adapukuta maso ndi mkono wa juzi, nakoka mpweya.

"Apsa! Tsegulani."